Kusaka wa makina oti atithandize kusunga udzu wa ng'ombe kuno ku Thyolo

Ife amene tikuweta ng'ombe za mkaka kuno ku Thyolo ambiri minda yathu ndi timinda chabe, malo abwino ambiri ali ndi ma esiteti a tiyi kuyambira kalekale, nde ukakhala ndi theka la ekala ya nsenjere ndi udzu wa Rhodes kuseri kwa khola ndiwe wamwayi kale. Vuto limayamba chilimwe. Kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba udzu umauma gwaa, mkaka umatsika, ku bulking, komwe timakagulitsa mkaka pamodzi, umapita ndi kachigubu kopepuka, ndipo m'mawa uliwonse anthu ali pa njinga kukasaka udzu m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje.

Chaka chino ndinafuna ndisunge chakudya udzu ukadali wobiriwira. Kuumitsa udzu mpaka ukhale hay kuno kwathu nkovuta, chifukwa kumafuna masiku angapo a dzuwa lenileni, koma kuno mitambo imangobwera osagogoda, ukachedwanso pang'ono chiperoni chafika, udzu uli pansi wanyowa, wada, wachita nkhungu. Nchifukwa chake ndinasankha haylage. Umamweta udzu, kuusiya pa dzuwa tsiku limodzi kapena awiri kuti ufote, madzi atsale pafupifupi theka, kenako kuutsekera pamalo poti mpweya usalowe ngakhale pang'ono. Sufunika kuuma kwambiri ngati hay, komanso sukhala wamadzi ngati silage ya chimanga, ija amadula chimanga chikadali chachiwisi nkuchitsekera.

Ntchito inakula pofuna kupeza munthu woti achite zimenezi. M'mafamu akuluakulu zimachitika ndi thirakitala, ina imamweta, makina ena amamanga mabelo, ena nkukulunga ndi pulasitiki kangapo konse. Ndinafunsa amene ali ndi thirakitala chakuno, onse anandiyankha mwaulemu koma yankho linali limodzi, bambo munda wanuwo wachepa, dizilo yekha wobwerera kumeneko aposa ndalama imene mungatipatse. Ndipo sindikuwadandaula ayi, zoona zake nzakuti kanjira kolowera kwathu ngakhale ngolo imavutika, mundawo uli pamtsetse, thirakitala yokoka makina singatembenuke nkomwe. Wina anati abwera akamaliza kwa alimi akuluakulu. Apa ndi pamene mlimi wamng'ono amapwetekera, chifukwa udzu sudikira munthu. Rhodes amafuna kumwetedwa akungoyamba kumasula, nsenjere ikafika cha m'ma mita imodzi, ikapitirira pamenepo imakhwima, ng'ombe zimangosankha masamba mapesi ake nkusiya mu chodyera.

Amene anatitulutsa m'vutoli ndi alangizi a ziweto, anandiuza za mnyamata wina wa cha ku Bvumbwe amene ali ndi kamakina kodula udzu koyendera petulo, koti anthu awiri amakanyamula nkukakweza pa njinga yamoto. Nayenso poyamba anazengereza, ati kubwera chifukwa cha munda umodzi sizimupindulira. Nde tinakambirana pa gulu lathu la WhatsApp la alimi a mkaka, tinapezana angapo oyandikana, tonse tinamweta tsiku limodzi kuti iye akabwera azingochoka pakhomo ili kupita pakhomo ilo. Tinagwirizana zonse asananyamuke, kuti petulo tigula ife, malipiro awerengedwa pa thumba, komanso mvula ikagwa tsiku lomwe tapangana tisuntha osati aliyense azikangana.

Tsiku lakelo ndi lotopetsa, musanamizidwe. Udzu wofota uja umautenga m'manja nkuufinya, ukadontha madzi ndiye kuti sunafike, ukangothyoka ngati mapesi ouma ndiye wapitirira. Makina akadula tizidutswa tating'ono, timathira m'matumba a pulasitiki yochindikala pang'onopang'ono, mwana amalowa m'thumba kupondaponda, kuthiranso, kupondanso, mpaka thumba lilimbe loti chala sichilowa, kenako kufinya mpweya wonse ndikumanga pakamwa ndi mphira wa chubu. Mayi a kunyumba ndi amene anali woyang'anira kumanga ndipo thumba lililonse lomwe sanakhutire nalo linamasulidwa. Anzanga ena anathirako molasi wa ku fakitale ya shuga ku Nchalo wosungunula m'madzi, pa nsenjere zimathandiza ndithu chifukwa ilibe shuga wambiri. Chinthu china chofunika, udzu usakhale ndi dothi, ife tinayala lona pansi pa makina.

Matumba tinaika pa thandala mu shedi, osati pansi, chifukwa makoswe akaboola kabowo kamodzi thumba lonse lawonongeka, nde ndimawayendera pafupipafupi ndi selotepu m'manja. Titadikira masabata asanu ndi limodzi ndinatsegula limodzi, fungo lake lowawasa bwino ngati thobwa, mtundu wobiriwira mopita ku chikasu. Ng'ombe zinayamba zanunkhiza kaye, mawa lake zinadya bwinobwino. Ukatsegula thumba uyenera kulimaliza m'masiku ochepa, ndipo paliponse pamene pali nkhungu yoyera kapena yakuda ndimataya, sindipatsa ng'ombe ya bere zinthu zokayikitsa. Madeya ndi mchere ndikupatsabe monga kale.

Pagulu tagwirizana kuti tiyambe kusonkha pang'onopang'ono pa ndalama ya mkaka mwezi ndi mwezi tigule kamakina kathu, ndipo pulasitiki tikagula limodzi ku Limbe mu Febuluwale, udzu usanafike pomweta.