Lipenga lathu linakathera kwa wowotcherera mageti

Sabata ino inayamba monga zimakhalira nyengo ya mvula kuno ku Zomba, pamene chinyezi chotsika kuphiri chimabiriwiritsa zida za bandi yathu mkati. Lolemba ndi Lachiwiri tinatsuka malipenga onse asanu ndi limodzi m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale, osati otentha, chifukwa otentha amasupula utoto wonyezimira wa pamwamba, ndipo mavalavu, tizitsulo todina ndi zala posintha mamvekedwe, ndinawandandalika pansalu motsata manambala ake, 1, 2 ndi 3, poti mukawasokoneza mpweya sudutsa.

Chimene chandilembetsa izi ndi cha Lachitatu. Mwana wina anamenya mouthpiece ya lipenga limodzi, kachitsulo koikapo milomo pouzira, ndi chikhatho pofuna kumva kulira kwake, ndipo inakanirira. Ine kulibe, a komiti anaiyesa nkhani yaing'ono natumiza lipengalo kwa wowotcherera mageti pafupi ndi msika. Bamboyo analigwira ndi pulayala n'kupotokola mpaka chitoliro choyamba chinapindika, tizitsulo tiwiri tolumikiza tinamatuka, kenaka anafuna kubisa cholakwacho ndi moto wa gasi, chonsecho malo amenewo amamatidwa ndi mtovu pamoto wochepa. Litabwerera linali lakuda ngati poto wa pamafuwa, valavu yoyamba ataipala ndi sandipepala ati kuti iziyenda bwino, ndipo tsopano ikutaya mpweya. Bamboyo sindikumuda kwambiri, pakuti chimene amadziwa ndi zitsulo za mageti. Amene andipweteka mtima ndi a komiti, omwe kwa zaka ziwiri ndakhala ndikuwapempha kachida kozulira mouthpiece ndi mafuta a mavalavu, iwo n'kumayankha kuti ana azingothira mafuta ophikira, omwe akakhalitsa amamata ngati ulimbo.

Lachisanu mnzanga wina anandilozera kwa mkulu wina wa ku Chinamwali amene anaimba m'bandi ya asilikali mpaka kupuma ntchito. Ndinawakhulupirira chifukwa sanathamangire kutchula mtengo, anayamba atseka kukamwa kwa lipengalo ndi nsalu n'kuuzira kuti amve pamene mpweya ukuthawira, kenaka anati, “Aphunzitsi, chitolirochi ndichiwongola ndipo tizitsuloti ndilumikiza, koma za valavuyi musatayepo ndalama, yatha basi.” Ndinawasiyira lipengalo. Loweruka tinayeserera nyimbo za pa 3 Malichi ndi malipenga asanu, mwana wachisanu ndi chimodzi ali pabenchi akutsatira kugunda kwa nyimbo ndi phazi.