Ndabwezeretsa thermostat mu Land Rover ya malume

Land Rover Series IIA imene anandisiyira malume ili ndi injini ya petulo ya malita 2.25. Loweruka nditamasula kachivundikiro komwe kumalowa paipi yapamwamba ya radiyeta, ndinapeza thermostat mulibe, kachipangizo kamene kamatsekera madzi kuti asapite ku radiyeta mpaka injini itatentha. Wina anaichotsa kalekale. Amakaniko ambiri kuno amati kachipangizo kameneka n'ka mayiko ozizira, koma ine ndimatsutsa. M'mawa wa mu June ku Dedza, galimotoyi inkafika kumene ikupita injini isanatenthe n'komwe, uku ikupapira petulo.

Thermostat ya injini imeneyi si yongotola pa shelefu. Ili ndi kachitsulo kozungulira ngati siketi m'munsi kamene kamatseka njira yachidule ya madzi akatentha, kuti onse azidutsa mu radiyeta. Mukaika yopanda siketi, madzi ena amangozungulira mu injini momwemo, ndiye pokwera phiri la ku Golomoti muziyang'ana singano yoonetsa kutentha kwa injini mtima uli m'mwamba.

Zilipo za madigiri 74 ndi 82. Ndinatenga ya 82. Mnzanga amandikakamiza ya 74 poti ndimatsikira ku Chikwawa, koma nambalayo imangonena pamene imatsegukira. Radiyeta yodzaza dzimbiri siingachire nayo.

Ndisanaiike ndinaipachika ndi waya mu poto wa madzi pa mbaula, thermometer ili momwemo, mayi a kunyumba akundiyang'ana ndi diso loipa. Inatseguka pa nthawi yake.

Poika, sipuling'i yake iloze ku injini. Kupala gasiketi wakale, wotseka mpata wa pa chivundikiro kuti madzi asadonthe, kunanditengera ola lathunthu, ndipo bawuti imodzi inatsala pang'ono kuthyokera momwemo.