Masabata 8 amene anandidyera ndalama za uchembere kuno ku England

Mwana wagona, ndiye ndati ndilembe izi ndisanaiwale. Lamlungu lapitali kutchalitchi mtsikana wina wa pakati anandikokera pambali n'kundifunsa kuti, "Asisi, ndikasanza chonchi mpaka kulephera ntchito, ndalama za matenite zibwerabe?" Ndinangoti kakasi. Funso limenelo ndi lomwe ine sindinafunse aliyense mu 2024, ndipo linandidyera mapaundi oposa 1,200.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, maola 36 pa sabata. Dzina la malowo ndisatchule, ndikadali komweko. Mwana ankayembekezeka mu November. Anthu amati kusanza kumatha mwezi wachitatu, koma ine kunapitirira, ngakhale madzi akumwa ankabwerera. Kununkha kwa chakudya cha m'mawa cha agogo aja, mazira ndi nyemba za m'chitini, kunkandithamangitsira kuchimbudzi ndisanamalize n'komwe kuwapatsa. Dokotala anandilembera kalata yoti ndipume, ndipo June ndi July ndinakhala pakhomo. Kuntchito anayamba kundilipira ndalama za odwala, zimene amati Statutory Sick Pay, £116.75 pa sabata chaka chimenecho, masiku atatu oyamba osalipidwa. Ndinkadandaula kuchepa kwake basi, osadziwa kuti chilonda chenicheni chili kutsogolo.

Nkhani yake ili apa, ndipo amayi anzanga mumvetsetse. Ndalama za uchembere zochokera kwa abwana, Statutory Maternity Pay, saziwerengera pa malipiro anu a chaka chonse ayi. Amatenga sabata ya 15 lisanafike sabata loti muchire, n'kubwerera m'mbuyo masabata 8. Ndiye kuti kuyambira cha m'ma sabata ya 17 kapena 18 ya mimba mpaka ya 25. Zimene munalandira m'masabata amenewo ndi zomwe amagawa kuti apeze malipiro anu a pa sabata. Kwa ife olandira pamwezi ndi mapeyisilipi awiri okha. Awiri! Ndipo pali malire: mu 2024 unayenera kufika £123 pa sabata kuti uyenerere. Ine ndinali pa £116.75. Mapaundi 6 ndi timakobidi, n'kugwa nazo zonse.

Akanandiyenereza, masabata 6 oyamba ndikanalandira magawo 90 pa 100 alionse a malipiro anga, kenako £184.03 pa sabata kwa masabata 33 otsalawo. Pa malipiro anga a nthawi zonse masabata 6 amenewo akanakhala pafupifupi £388 iliyonse. Werengani nokha kusiyana kwake ndi £184.03 pa sabata imene ndinadzalandira m'malo mwake.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ndinali ndi masiku a tchuthi changa cha pachaka osagwiritsa ntchito. Munthu ukudwala umaloledwa kupempha kuti masiku ena akuwerengere ngati tchuthi, ulandire malipiro athunthu. Ndikanatenga masabata awiri okha m'kati mwa miyezi iwiri ija, ndikanadumpha malire aja, ndipo ndikanatenga ochulukirapo ndalama za masabata 6 oyamba zikanakwera nawo. Mayi wa mu ofesi ya malipiro ankaona peyisilipi yanga mwezi uliwonse, fomu ya MAT B1 ya kwa azamba, yotsimikizira mimba ndi nthawi yochira, ndinamupatsa m'manja, koma pakamwa pake sipanatuluke ngakhale liwu limodzi.

Ndiye mu August, nditabwerera kuntchito, anangondiuza pakhonde kuti sindikuyenerera. Lamulo limati abwana akakukanira akupatse fomu ya SMP1 pasanathe masiku 7, yofotokoza chifukwa chake, n'kukubwezera MAT B1 yako. Ine ndinadikira masabata atatu. Foni, akuti mawa. Imelo, zii. Tsiku lina lopuma ndinakwera mabasi awiri, mimba ili kutsogolo, chiuno chikung'ung'udza, kupita ku ofesi yawo yaikulu kunja kwa tauni. Kufika, mnyamata wa pa desiki akuti mayi aja lero akugwirira ntchito kunyumba, ndipo makiyi a kabati ali nawo iwo. Ndinakhala pa mpando wapulasitiki maola awiri ndikuyang'ana kabati imeneyo, yotuwa, yokhala ndi duwa louma pamwamba, ndikudziwa kuti pepala langa lili m'menemo. Anandipatsa tiyi amene sindinathe kumwa. Ndinabwerera chimanjamanja, mvula n'kundipeza pa siteji. Tsiku limenelo ndinalira m'basi ngati mwana, azungu akungoyang'ana kumbali mwaulemu wawo uja.

Musanapereke MAT B1 kuntchito, ijambuleni kaye pafoni, mbali zonse. Izi ndikanayamba nazo. Azamba amaipereka mimba ikakwana masabata 20, ndipo abwana muyenera kuwadziwitsa za mimbayo ndi tsiku loyamba tchuthi pofika sabata ya 15 ija. Lembani pa imelo, osati kungonena pakhonde.

Mapepala atafika, njira yotsala inali Maternity Allowance, imene imachokera ku boma. Apa ndinayamba ndachita mantha, chifukwa pa viza yanga panalembedwa kuti sindiloledwa ndalama za thandizo la boma, ndipo pagulu lathu la WhatsApp anthu anandiopseza kuti ndikangopempha andithamangitsa. Bambo a kunyumba mpaka anati tingozisiya, adzawonjezera mashifiti a usiku. Ndinapita ku Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu kwaulere, ndipo anandimasulira bwinobwino: ndalama za odwala, za uchembere za kwa abwana, ndi Maternity Allowance sizili m'gulu loletsedwalo. Zoletsedwa ndi monga Universal Credit (thandizo la opeza zochepa) ndi Child Benefit (thandizo lolerera ana). Za pagulu la WhatsApp muzimva ndi khutu limodzi.

Fomu yake ndi MA1, yaitali ndithu koma yomveka. Amafuna kuti mukhale mutagwira ntchito masabata 26 mwa masabata 66 mwana asanabadwe, ndipo chokoma chake mumasankha nokha masabata 13 amene munalandira zambiri. Ine ndinatola a December ndi January pamene tinkaphana ndi ovataimu. Ndinatumiza pamodzi ndi mapeyisilipi, SMP1 ndi MAT B1, ndipo anandivomera £184.03 pa sabata kwa masabata 39. Sadulapo msonkho, kameneko kanandipepesa pang'ono. Koma masabata 6 onona aja anapita basi.

Ndaiwala china. Ndinakonza zogwira ntchito mpaka kutatsala masabata awiri, kuti tchuthi chonse ndidzachidyere ndi mwana. Pakati pa October chiuno chinakana, ndinaimba foni kuti lero sindibwera. Mawa lake tchuthi cha uchembere chinali chitayamba chokha. Mukajomba chifukwa cha matenda a mimba m'masabata 4 omaliza, tchuthicho chimayamba popanda kukufunsani. Chikhala chimfine wamba sizitero, choncho muziona chimene chalembedwa pa kalata ya dokotala. Apanso tchuthi cha pachaka chikanandipulumutsa ndikanachiika kumapetoko. Ndinali nachobe, mukhulupirire.

Ndinachira ndi opaleshoni, ndipo bala linachedwa kupola. Bambo a mwana anafunsa kuti bwanji ndisamukire ku ndalama za odwala kaye, za uchembere ndizisunge mpaka nditapeza bwino. Maganizo abwino, koma sizitheka. M'masabata 39 amenewo ndalama za odwala simungalandire, ndipo za uchembere siziimitsidwa n'kudzapitirizidwa mtsogolo. Ngakhale zikanatheka, £116.75 ndi £184.03 wosankha angavutike pati? Kusankha kwenikweni kumachitika kale, mimba ili ya miyezi inayi kapena isanu, pamene munthu ukungoganiza za beseni losanziramo.

Mayi anga ku Zomba ndikawafotokozera amaseka, amati iwe ukulira chiyani ndi miyezi 9, pamene kwathu lamulo limapereka masabata 8 okha, kamodzi pa zaka zitatu. Akunena zoona, koma lendi ya kuno samaidziwa.

Ziwerengero ndatchulazi ndi za 2024, zimasintha April aliyense, ndiye muone za chaka chanu pa webusaiti ya boma ya GOV.UK. Sindikunena kuti mudzikakamize kuntchito mukudwala, ine sindikanatha ngakhale kuimirira. Tengani kalendala, pezani sabata ya 15 ija, bwererani masabata 8, muone mapeyisilipi amene agweremo, ndipo ngati mukudwala nthawi imeneyo pemphani tchuthi chanu cha pachaka pa imelo. Mtsikana uja ali pa sabata ya 16. Ndamuuza abwere kunyumba Loweruka ndi mapeyisilipi ake ndi kalata ya kusikelo, tidzawerengere limodzi pathebulo.