Lamulungu lomwe bambo mfumu sabwera

Kutchalitchi kwathu kumudzi bambo mfumu amabwera kamodzi pa miyezi iwiri, ndipo nthawi ya dzinja msewu ukaterera timangowamva mbiri. Masabata ena onsewo amatsogolera mapemphero ndi amayi anga. Amadzuka kusanache, kusita chitenje chawo cha Amayi Akatolika ndi simbi yamakala, kenaka kukhala pakhonde ndi Baibulo lothothoka chikuto, milomo ikuyenda pang'onopang'ono.

Agogo ena a mu mphakati wathu atadwala mwakayakaya, amayi ndiwo adagona pamphasa pambali pawo masiku atatu, kuwamwetsa phala ndi kachikho, kuwayimbira, kumvetsera zonse zimene zidawalemera mumtima. Koma kuwadzoza mafuta a odwala sakadatha, pakuti imeneyo ndi ntchito ya wansembe. Tidatuma mnyamata panjinga. Pamene ansembe ankafika, maliro tidali titasambitsa kale.

Chimenechi chimandiwawa mpaka lero. Ndikudziwa kuti mu 1994 Papa John Paul II adalemba kuti Mpingo ulibe mphamvu yopereka unsembe kwa amayi, ndipo mu 2021 Papa Francis adalola kuti amayi aikidwe mwalamulo kukhala owerenga Mawu ndi otumikira paguwa. Koma ndikawerenga Yohane 20, ndimaona Maria wa Magadala atatumidwa ndi Ambuye mwini kukauza ophunzira za kuuka kwawo.

Ndidawafunsapo amayi ngati zimawadandaulitsa. Adangoti, "Mwanawe, nditengere nsapato zanga, belu lalira."