Sabata 9 pabwalo la fumbi: ndatuluka woyamba katatu konse

Loweruka lapitali tinakumananso ndi njinga zathu zakapalasa pabwalo lathu lija ku Area 25, kusanache bwino, anyamata ampira asanabwere kudzatenga malo awo. Tinalipo asanu ndi mmodzi: ine, alamu anga, anzanga atatu a kuntchito ku Kanengo, ndi mnyamata wa kabaza amene anayamba kubwera sabata yachinayi atatiwona tikuzungulira ngati tasokonezeka mutu. Mzere tinathiranso phulusa, chifukwa wa sabata yatha mphepo inaufafaniza. Kuzungulira kamodzi ndi mamita pafupifupi 300, tinayeza ndi chingwe.

Kwa amene mwangoyamba kuwerenga zolemba zangazi: matendawa ndinawatenga pa YouTube, poonera mipikisano ya njinga ya Olimpiki ya ku Paris ya 2024. Kumeneko amapikisana pabwalo la matabwa la mamita 250, lotchedwa velodrome, lomwe m'makona mwake ndi mopendekeka ngati mbale, kupitirira madigiri 40. Njinga zake zilibe mabuleki, zilibe fuliwilo, giya ndi imodzi. Tayala likamazungulira, mwendo nawo uzungulire basi. Ife ku Lilongwe bwalo loterolo tilibe. Tili ndi dothi lofiira, minga, ndi njinga zomwe Lolemba zimapita kuntchito. Ndiye tinagwirizana kuti tizingobwereka malamulo a mipikisanoyo, umodziumodzi, tiwone kuti uliwonse umafuna chiyani kwa munthu.

Sabata ino unali wa elimination. Lamulo lake ndi lalifupi: mukazungulira kawiri, amene wadutsa pamzere pomaliza achoke. Amayang'ana tayala lakumbuyo, osati lakutsogolo. Muzitero mpaka atatsala awiri, amenewo athane okha. Woweruza anali mwana wa mchemwali wanga, wa Fomu 2, ali ndi wezulo ndi kope.

Ndinapita modzidalira, ndisanamepo. Tsiku ndi tsiku ndimapalasa kupita ku Kanengo ndi kubwerako, ndipo pa gulu lathu ndine ndili ndi nthawi yabwino pa mamita 200. Nthawiyo timayeza Lamlungu patala, msewu ukadali zii. Ndinayamba ndi masekondi 19.6, pano ndafika 17.9. Musaseke kwambiri. Ndikudziwa kuti Harrie Lavreysen wa ku Netherlands, amene anatenga mendulo zitatu zagolide ku Paris, anadutsa mtunda womwewo ndi masekondi 9.088. Iye akamafika, ine ndiye kuti ndili pakatikati. Koma pakati pa ife asanu ndi mmodzi, 17.9 ndi ufumu.

Ufumuwo unatha pa wezulo woyamba. Nzeru yanga inali yoti ndikhale kumbuyo, chamkati pafupi ndi phulusa, mphepo azindidulira anzanga, ndiye pofika pamzere ndidumphe. Titatuluka pakona yomaliza ndinapeza kutsogolo kwanga kuli tayala la alamu, kumanja kuli chigongono cha mnzanga, kumanzere kuli phulusa. Mphamvu zili m'miyendo, podutsa palibe. Amene anali pambuyo panga anangolambalala chakunja, fyuu, ine wezulo. Ulendo wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu ndinati ndiyambe kutsogolo, ndinakoka gulu lonse ngati ng'ombe yapangolo, ndipo pamene kuzungulira kwachiwiri kumatha onse asanu anandipitirira ndili wefuwefu.

Mnyamata wa kabaza anawina kawiri, ndi njinga yake yomwe ija ya kaliyala ndi khushoni kumbuyo. Nditatuluka ndinakhala pa mwala n'kumamuyang'ana. Satsogola, satsalira. Amakhala wachiwiri kapena wachitatu, pang'ono chakunja, kuti kumanja kwake kuzikhala mpata nthawi zonse. Mutu wake sukhala phee. Amasuzumira pansi pa mkhwapa, n'kuwerenga amene ali pambuyo pake. Akaona kuti alipo awiri, sadzivutitsa n'komwe. Tikumwa thobwa pambuyo pake ndinamufunsa chinsinsi.

"Akulu, mphamvu muli nazo," anatero, "koma mumaima ngati muli pamzere wa kuchigayo. Ife pa siteji kasitomala akatsika minibasi sudikira kuti mnzako akupatse njira."

Alamu anaseka mpaka thobwa linawatsamwa.

Apa m'pamene ndayamba kumvetsa chifukwa chake mipikisano ya pabwalo ili yambirimbiri chonchi, pomwe bwalo ndi limodzi, njinga ndi zofanana. Uliwonse umafunsa funso lake. Sprint tinaiyesa sabata yachiwiri. Anthu awiri, kuzungulira katatu, koma chodabwitsa n'choti poyamba amayenda pang'onopang'ono, kuyang'anana, aliyense osafuna kutsogola, chifukwa wakumbuyo amabisala ku mphepo komanso amaona zonse zimene mnzake akuchita. Akatswiri amafika poimitsa njinga chiriri osatsitsa phazi, kufuna kukakamiza mnzawo kuti adutse. Ine ndinayesa kuima choncho ndi njinga ya fuliwilo, ndinagwa chammbali ngati thumba la chimanga. Amayi ena amene amapita kumsika anaima n'kufunsa kuti, "Bambo, mpikisano wake ndi wa abilimankhwe?" Komabe sprint ndimaitha, chifukwa mdani ndi mmodzi ndipo maso anga awiri amamukwanira. Elimination imafuna maso a ntchentche.

Keirin ndiyo imatisangalatsa tonse, ndipo ndiyo yokha imene alamu amadzuka osawadzutsa, chifukwa iwo ndiwo amayendetsa njinga yamoto. Mpikisanowu unayambira ku Japan mu 1948 ngati masewera obetcherana ndalama, ndipo unalowa mu Olimpiki mu 2000 ku Sydney. Azimayi anayamba mu 2012 ku London. Pabwalo lenileni amazungulira kasanu ndi kamodzi. Maulendo atatu oyamba onse amandandalika pambuyo pa kanjinga kamoto, kamene kamayamba pa makilomita 30 pa ola n'kumakwera mpaka 50, ndipo saloledwa kukapitirira. Kakapatuka, maulendo atatu otsalawo ndi nkhondo. Ife tinatsitsa, timayamba pa 18 n'kukafika cha m'ma 28, apo ayi pakona pathu pafulati tikanakathera mu golo. Vuto ndi dzanja la alamu. M'malo mokweza liwiro pang'onopang'ono amangopotokola kamodzi, ife n'kutsala tikudya fumbi. Ndawauza kangapo kuti, "Alamu, inu si mpikisano wanu," koma akamva anthu akupuma kumbuyo kwawo magazi amawawira.

Team pursuit tinaisiya msanga. Imafuna matimu awiri a anthu anayi, kuyambira mbali zoyang'anizana za bwalo, makilomita 4, nthawi n'kuwerengera pa munthu wachitatu. Ife sitikwana. Points race tinaiyesa kamodzi ndipo inathera mkangano: pa kuzungulira kwa 10 kulikonse anayi oyamba amapata mapointi 5, 3, 2 ndi 1, amene wapitirira gulu lonse ndi ulendo wathunthu amapata 20, ndipo woweruza wathu anasokoneza kuwerenga atalandira foni. Mpaka lero anthu awiri akuti anawina.

Madison yokha ndaletsa, ngakhale ndi imene ndimaonera kwambiri mpaka bandulo kutha. Dzinali linachokera ku Madison Square Garden ku New York, kumene kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunkachitika mipikisano ya masiku asanu ndi limodzi. Anthu ankapalasa usana ndi usiku mpaka kuzungulira mutu, boma linaletsa kupalasa maola opitirira 12 pa tsiku, ndiye okonza mpikisano anangoti azikhala awiriawiri, wina akamapuma wina ali pabwalo. Lero pa Olimpiki amuna amapalasa makilomita 50, akazi 30. Mmodzi amathamanga, mnzake akuyenda pang'onopang'ono kumtunda kwa bwalo. Akakumana amagwirana dzanja, wothamangayo n'kumuponya mnzake kutsogolo ngati legeni. Zonsezi zikuchitika pakati pa gulu, dzanja limodzi lokha pa handulo. Ku Paris anyamata awiri a ku Portugal, Iúri Leitão ndi Rui Oliveira, ndiwo anatenga golide. Anzanga awiri anayesa kuponyana choncho sabata yachisanu ndi chimodzi. Mahandulo anakolana, wina anasupuka bondo ndi chigongono, masipoko atatu anathyoka. Zipewa zodzitetezera tili nazo zitatu zokha pa anthu asanu ndi mmodzi, ndiye nkhani ya Madison idikire kaye.

Za njinga yanga: tcheni chayamba kulira chifukwa cha fumbi, ndimachitsuka ndi palafini Loweruka lililonse madzulo. Chubu chakumbuyo chili ndi zigamba zinayi, zonse za minga ya pakona ya kumadzulo. Amakanika a pamsika, bambo achikulire amene akhala akukonza njinga kuyambira ndili mwana, anandiuza kuti akhoza kundimangira tayala lopanda fuliwilo ngati ndikufunadi kumva mmene akatswiri amamvera. Kenaka anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Koma mwanawe, potsetsereka udzaima bwanji?" Ndawauza kuti amange, koma mabuleki onse awiri asachotse, ndipo tayalalo lizikhala la pabwalo pokha.

Loweruka likubwerali tikuyesa omnium, mipikisano inayi tsiku limodzi monga amachitira kuyambira kumapeto kwa 2016: scratch, umene woyamba kufika ndiye wawina basi, tempo, umene wotsogola pa kuzungulira kulikonse amatola pointi imodzi, elimination, kenaka points race pomaliza. Pa itatu yoyambayo wopambana amapata 40, wachiwiri 38, wachitatu 36, kumatsika choncho. Mitunda tidula kwambiri, chifukwa ikamakwana 8 koloko bwalo timabweza kwa eni ake. Woweruza tamuuza kuti foni asiye kunyumba, ndipo tamupezera mnzake woti aziwerenga maulendo ndi timiyala m'chitini. Mnyamata wa kabaza tagwirizana kuti tizimusonkhera kangachepe, poti maola awiri a m'mawa amenewo ndi amene amapeza makasitomala opita kumsika. Iye wavomera, koma wati pa elimination ndisamutsatire kumbuyo, ndipeze malo anga.