Mafuta a chamba ndi maondo a amayi anga

Amayi anga akhala akuvutika ndi nyamakazi kwa zaka zitatu tsopano. Kukazizira, m'mawa sangadzuke pamphasa osagwira khoma. Timawathowa maondo ndi kansalu ka madzi otentha, kuwaphikira tiyi wa jinja ndi mandimu, masiku ena zimapepukako.

Sabata yatha achemwali a ku Joni anatumiza kabotolo ka mafuta a CBD. Amayi atamva kuti ndi ochokera ku chamba anakana kwamtuwagalu, amvekere, "Ine mayi wa Mvano, mukufuna mundipengetse?" Ndinakhala nawo pansi n'kuwafotokozera kuti choledzeretsa m'chamba ndi THC, CBD saledzeretsa. Ndinawauzanso kuti mu 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, ngakhale chosuta chija n'choletsedwabe.

Koma abale, ndikupempheni. CBD amadutsa m'chiwindi ndipo amatha kusokoneza mankhwala ena, monga warfarin (oletsa magazi kuundana) ndi ena a khunyu. Amayi amamwa a BP tsiku lililonse, choncho kabotoloko ndakatsekera m'kabati mpaka Lachinayi tikaonane ndi adokotala. Ndipo aja akutsatsa pa WhatsApp kuti mafutawa amachiza khansa ndi shuga, musawapatse ndalama zanu.