Kabokosi ka ISDN kandiphunzitsa gateway sabata ino

Sabata ino ku kalasi ya networking kuno ku Manchester aphunzitsi anatibweretsera kabokosi koyerekezera laini ya ISDN komanso kompyuta yakale yafumbi yokhala ndi khadi ya ISDN yotchedwa Fritz!Card mkati. Akuti tiikonze ikhale gateway, makompyuta ena atatu azidutsira pomwepo akafuna intaneti, ngati mmene anthu ambiri ankachitira mnyumba mwawo ku Germany zaka za m'ma 1990.

Mumtima ndinati apa tikutaya nthawi, paja Openreach, kampani yoyang'anira malaini a foni kuno ku UK, inalengeza zotseka malaini akale onse kuphatikizapo ISDN pofika Januwale 2027. Koma abale, gateway ndaimvetsa tsopano, osati zoloweza za mayeso zija.

ISDN ndi waya womwe uja wa foni, kungoti zonse zimayenda mwa digito. Muli njira ziwiri za B, iliyonse 64 kbps, ndi kanjira ka D ka 16 kbps kongoyimbira ndi kudula. Mukaphatikiza ma B awiriwo mumapeza 128 kbps koma nayonso bilu imabwera kawiri chifukwa kampani imawerenga ngati mwaimba mafoni awiri.

Tinaika Linux yakale chifukwa isdn4linux, mapulogalamu oyendetsera ISDN mu Linux, anaichotsa mu kernel 5.3 (mtima wa Linux) mu 2019. Ndi pulogalamu ya isdnctrl tinapanga ippp0, khomo lotulukira pa laini ya ISDN, nkulowetsa nambala yoyimbira, pulogalamu ya ipppd ndiyo imapereka dzina ndi password, mbali ya mnyumba tinaipatsa adiresi ya 192.168.0.1 kenako masquerading kuti makompyuta onse akamatuluka azioneka ngati imodzi. Gateway ikuchita ping (kuyesa ngati kompyuta ina ikuyankha) bwinobwino kunja koma enawo zii, ola lathunthu ndikusinthasintha mawaya mpaka mnzanga wina anandifunsa kuti kodi ip_forward, swichi ya mu Linux yololeza mapaketi (tizidutswa ta data) kudutsa, wayatsa? Inali pa 0. Nditangolemba 1 zonse zinayenda, ndipo ndi pamene zinandilowa mmutu kuti kompyuta yokhala ndi makhadi awiri siipatsira mapaketi yokha, mpaka uiuze.

Chomwe chandikhudza kwambiri ndi dial on demand. Kale ankalipira pa nthawi yomwe laini yatseguka, ndiye gateway imayimba yokha ikaona paketi yopita kunja, nkudula pakakhala phee, ife tinaika huptimeout, nthawi yodikira isanadule, ya masekondi 60. Titangokhala osagwira chilichonse tinangoona kanyali ka njira ya B kayaka, patapita kanthawi kazima, kenako kayakanso. Tinatsegula tcpdump, pulogalamu yoonera mapaketi amene akudutsa, nkupeza kuti ndi kompyuta ya Windows yomwe imatumiza timapaketi ta NetBIOS pa port 137 kufunsa mayina a anzake, ndiye gateway imangoti uyu akufuna kunja, nkuyimba. Aphunzitsi anati anthu ankadzidzimuka ndi bilu kumapeto kwa mwezi chifukwa cha zomwezi. Tinatseka ma port 137 mpaka 139 pa ippp0 kanyali kanakhala chete.

Nthawi yomweyo ndinakumbukira mayi anga kumudzi akudandaula pa foni kuti bandulo yatha iwo asanatsegule kalikonse. Ndi nkhani yomweyi, ma app akuyankhula okha mseri, kungoti foni ilibe kanyali koti uone. Usiku womwewo ndinawaimbira, tinalowa limodzi mu settings pang'onopang'ono, iwo akuwerenga zomwe zalembedwa ine ndikuwauza pokanikiza, mpaka tinazimitsa background data ya ma app anayi.

Lachiwiri tikuyesa kuphatikiza ma B awiri aja ndi MLPPP, njira yomangira malaini angapo kuti agwire ntchito ngati imodzi, ndikufuna ndione ngati njira yachiwiri ingamatseguke pokhapokha yoyamba ikadzaza.